Njinga Yopanda Keliyala

Ndimanyamuka ku Ulongwe tambala wachiwiri asanalire,
phula lidakali lonyowa ndi mame,
zala zitakongwa pa handulo ngati ndabwereka za wina.
Njinga yanga ndi ya matayala owonda ngati bango.
Ndinaigula pa kaunjika ku Kalomwe
ndi ndalama zomwe mkazi wanga ankati n'za malata.
Ilibe keliyala. Ngakhale belu ilibe.

Lamulungu lililonse funso ndi lomwelo.
Anyamata a kachewere, matumba atatuatatu,
akukankha pa chitunda, misana ikufuka nthunzi:
"Achimwene, katundu mwataya kuti?"
Ndimangomwetulira. Mpweya woyankhira ndilibe.

Ukapitirira mabulugama a pa sukulu
mitengo imatha mwadzidzidzi.
Kumatsala udzu wofiirira,
miyala yotuwa yogona ngati ng'ombe zokhuta,
ndi mphepo yosadziwa kupereka moni.
Nkhungu imakwawa kuchokera kudambo
n'kumeza phiri la Domwe mpaka m'khosi.
Kumeneko ndimamva zinthu ziwiri zokha:
tcheni ikuwerenga mano ake
ndi mtima ukugogoda ngati mwini ngongole.

Pa mudzi wa nyumba zisanu ndi ziwiri
a Nangozo anandiimika ndi khasu m'mwamba.
"Inu oyenda chabe inu, mudutsa ku Lifidzi?
Mukamuuze Felizimina kuti ng'ombe ija yaswa,
mwana wamkazi, wamawanga pamphumi."
Uthenga sulemera. Ndinautenga.

Kutsogolo m'busa wa mbuzi anandithamangira
ndi foni ya bambo ake, yakufa moto chiyambire Lachinayi.
Pa mphambano, mphunzitsi anali ndi kalata yofuna chidindo ku Vila.
Mayi wina anandipatsa mbewu ya nsawawa m'kabotolo
ya mchemwali wake amene dzina ndinaliloweza
pobwereza ndi kupalasa: Anas-tazi-ya, Anas-tazi-ya,
mpaka pamwamba pa mtunda.

Pamenepo chubu chinati phuu!

Amene anandipeza ndi Belarimino, wa kachewere uja,
wofunsa mokweza kuposa onse.
Anatsamiritsa katundu wake pa mwala,
natulutsa chigamba ndi guluu m'chipewa,
namata mosalankhula, lilime lili pakati pa mano.
Atatha ananyamula njinga yanga ndi chala chimodzi
n'kuseka mpaka kukhala pansi.
"Ndilaweko?"

Ndinamuona akutsetsereka,
malaya atafufuma ngati nkhuku yokwiya,
akukuwa mawu opanda tanthauzo,
akuchepa, akuchepa,
mpaka anasanduka nyerere pa mlatho.
Ine ndinati ndimuthandize kukankha yakeyo.
Mapazi khumi. Ndinawerenga.
Pa la khumi ndi limodzi mawondo anakana,
matumba anandiyang'ana ngati apongozi.

Anabwerera akupuma mwa wefuwefu, maso ali ndi misozi ya mphepo.
"Zaka zisanu ndi zinayi msewu uno," anatero,
"sindimadziwa kuti kumanzereku kumaoneka mtsinje."
Metikali anakana. Anandiika kachewere ziwiri m'thumba.

Kubwerera n'kotsika, koma mwera unali pamaso.
Tirigu ankawerama m'minda, ine ndi iye pamodzi.
Shapa inandipitirira, nkhuku zitasuzumira pa zenera.
Felizimina ndinamupeza akuchapa pa mjigo;
anaomba m'manja, thovu n'kundigwera pa nsapato.

Ndinafika kunyumba mvula ikuyamba kuwaza.
Pa tebulo ndinakhuthula matumba a kumsana:
foni ya eni, kalata ya eni,
kachewere ziwiri zofunda ndi thukuta langa,
ndi kabotolo ka nsawawa, kalanga ine,
Anastaziya ndinamupitirira pa liwiro.

Mkazi wanga anasuntha beseni ndi phazi
kuti likhale pomwe denga limadontha.
"Malata aja ayenda bwanji lero?"
Ndinati ayenda bwino,
koma Lamulungu ayenera kubwereranso.
Dontho loyamba linati tho! m'beseni.